Ukonde wa Mayi Cowie

Bambo anga ankasoka maukonde padoko la Fraserburgh,
zala zitachita mang'a ndi mchere ndi chisanu.
Ankati ukonde wabwino umadziwa chogwira ndi chosiya.
Ndinkamvera ndili pa bokosi la nsomba, miyendo ikulendewera,
osadziwa kuti tsiku lina nsombayo ndidzakhala ine.

Zinayamba ngati masewera.
Nditabereka Ruaridh, wachitatu, wamutu waukulu uja,
ndikatsokomola, dontho.
Ndikaseka, dontho.
Pa ukwati wa mng'ono wanga ndinavina nyimbo imodzi yokha,
zotsalazo ndinazimvera kuchimbudzi cha hotela
ndikuumitsa siketi pa makina oumitsira manja.

Dokotala wa ku Aberdeen anali waulemu, wa tayi yabuluu.
Anati, Mayi Cowie, musade nkhawa,
ndi kaukonde ka pulasitiki, kopyapyala ngati riboni,
tingokakoleka pansi pa njira ya mkodzo,
theka la ola, madzulo muli kwanu.
Ndinasaina.
Cholembera chake chinali cholemera bwino m'manja.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinali mtsikana.
Ndinathamangira basi ya ku Peterhead mvula ili pamsana,
ndinayetsemula m'tchalitchi osapana miyendo,
ndinataya matewera onse m'bini, ndikuimba.

Kenako Lachiwiri lina, ndikuwerama kutola thumba la mbatata,
china chake chinandicheka m'kati
ngati waya wodulira tchizi.
Ndinagwira tebulo. Ketulo inalira mpaka kuphwa.

Ululu unatsika m'chinena, unalowa m'ntchafu,
unamanga nyumba mwendo wamanzere.
Mkodzo umene unkatuluka wosaitanidwa
tsopano ndinkaupempha, nditakhala, ndikuwerenga matailosi.
Mapiritsi a sabata ino, mapiritsi a sabata yamawa,
malungo akubwera ngati mlendo wodziwa pobisa kiyi.

Za Hamish ndinene mwachidule.
Usiku wina anadzuka msanga, nayatsa nyale.
Magaziwo anali ake.
Ukonde unali utaboola mnofu, ukusuzumira.
Kuyambira pamenepo amandipsompsona pamphumi
ngati munthu wotsazika pa siteshoni.

Anandiunika, anati palibe chikuoneka.
Wina anati ndi msinkhu, mayi.
Wina anafunsa ngati kunyumba kuli mtendere.
Wina, mnyamata wamsinkhu wa Ruaridh,
analemba mawu aatali pa pepala
amene tanthauzo lake linali lakuti ndikulota.
Ntchito ya kukhitchini ya sukulu inatha yokha:
ndani angaime maola asanu atameza lumo?

Pa benchi ya chipatala ndinakumana ndi Ishbel wa ku Buckie.
Anakhalira tako limodzi, monga ine.
Tinayang'anana, tinayang'ana ndodo zathu.
Anangoti, nawenso?
Ndinalira mpaka dzina langa linaitanidwa kawiri.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, ku Glasgow,
dokotala wamkazi anandimvera mpaka kumaliza.
Anati mnofu wamera m'maso onse a ukondewo,
kuuchotsa kuli ngati kuzula mpanda umene mtengo unaumeza.
Anachotsa zimene anatha.
Zina zatsala pafupi ndi fupa,
ndidzapita nazo kumanda a ku Kirkton.

Ndinapempha kuti ndione.
Anandibweretsera m'kabotolo:
kanthu kabuluu, kopiringizika, kosakwana chala changa chaching'ono.
Ndinakayang'ana monga bambo ankayang'anira ntchito ya wophunzira.
Maso ake anali olingana bwino. Panalibe mfundo yolakwika.
Kanangokhala kosadziwa kusiya.

Dontho lija linabwerera, ndithu.
Dzulo Ishbel anandiimbira, ananena zopusa za dokotala wa tayi uja,
ndinaseka mpaka kunyowetsa mpando wa Hamish.
Ndinadzuka pang'onopang'ono, ndodo kutsogolo,
kukatenga chopukutira.
Panja mphepo inali ikukankha mabwato,
ndipo padoko wina anali atayala ukonde, akuufufuza pong'ambika.